Kalata yotseguka kwa atsogoleri athu: lamulo la anthu aulumali litsike masitepe lidzatipeze

Olemekezeka a Pulezidenti wa dziko lino, a Nduna oona za anthu aulumali, aphungu a Nyumba ya Malamulo, akuluakulu a MACODA (bungwe la boma loona za anthu aulumali), mabwanamkubwa, akuluakulu a makhonsolo ndi mafumu athu,

Landirani moni wanga nonsenu. Ine ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndipo pakhomo panga timadya za singano. Ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a zitenje pakhonde la golosale ina, ndi makina opukusa pamanja, poti miyendo yangayi singapalase. Poliyo adandigwira ndili ndi zaka zitatu. Chiyambire pamenepo ndayendapo pamsana pa mayi anga, ndayendapo chokwawa, ndipo lero ndimayenda pa njinga ya olumala. Sindinazolowere kulembera anthu akuluakulu ngati inu, koma zomwe zandionekera sabata yathayi zandisowetsa tulo.

Ndinapita ku ofesi ina ya boma kukatsata chikalata cha malo omwe adatisiyira malemu bambo athu. Ndinalawirira m'mamawa, chifukwa pa siteji munthu wa njinga sakwera minibasi yoyamba ngakhale yachiwiri. Kondakitala akangoona njinga amayang'ana kumbali n'kumaitana ena. Amene anandilola kukwera ananena mosapsatira kuti, "Mayi, njingayi ilipira mpando wake." Ndinalipira kawiri. Nditafika ndinapeza kuti ofesiyo ili pamwamba, njira yake masitepe okhaokha. Mlonda anati, "Tumani mwana, amayi." Ndinamuuza kuti pepalalo likufuna dzanja langa, osati la mwana. Ndiye anaitana anyamata awiri otsuka magalimoto panja paja. Wina anandigwira m'khwapa, wina miyendo, n'kumakwera nane ngati thumba la chimanga. Tili pakatikati chitenje chinayamba kumasuka, ine manja onse ndakoloweka m'khosi mwa mwana wa eniake, ndilibe dzanja lochigwirira. Anthu a pamzere ena anazolika, ena anangoti, "Ayi, zachisoni." Mayi wamkulu ngati ine, wa mwana woti ali ku sekondale.

Pamwambapo anandikhazika pa benchi, njinga yatsala pansi. Kalaliki anali munthu waulemu ndithu, sindingamunamizire. Anapepesa, anayang'ana mapepala anga, kenaka anati, "Abwana osayina kulibe, mubwerenso Lachinayi." Kwa iye mawuwo ndi opepuka. Kwa ine "mubwerenso" ndi mipando inayi ya minibasi, tsiku lathunthu makina ali chovundikira, kangachepe ka anyamata aja pokwera ndi potsika, ndiponso kuvulidwa ulemu kachiwiri anthu akuona. Umenewu ndi msonkho womwe anthu aulumali timakhoma tsiku ndi tsiku, ngakhale sudalembedwe m'buku lililonse la boma.

Chondiwawa kwambiri n'choti zonsezi n'zoletsedwa kale. Sindikulemba kudzapempha lamulo latsopano ayi. Malamulo mudatipatsa, ndipo ndakula ndikuwaona akubwera limodzi ndi limodzi. Ndidabadwa mu 1979, pomwe lamulo lonena za ife linali lija la 1971 lomwe lidakhazikitsa MACOHA, bungwe la boma lothandiza anthu aulumali. Linkationa ngati anthu ofunika kusamalidwa ndi kuphunzitsidwa ntchito zamanja, basi. Sindilinyoza, chifukwa kusoka komwe kukudyetsa ana angaku ndidakuphunzira ku Magomero, pa sukulu ya ntchito zamanja ya MACOHA. Koma za ufulu wathu silinkanena. Mu 1994 Malamulo Aakulu a dziko lino adabwera ndi gawo 20, loletsa kusala munthu, ndipo ulumali udatchulidwamo ndi dzina. Mu 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012, Mayi Joyce Banda atangolowa kumene pa mpando, Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la anthu aulumali lomwe mabungwe athu, motsogozedwa ndi mgwirizano wawo wa FEDOMA, adakhala akulilirira zaka ndi zaka. Tidavina tsiku limenelo, aliyense m'mene thupi lake limavinira. Lamulolo lidaletsa tsankho kusukulu, kuchipatala, pantchito ndi pa nyumba zofikamo anthu onse. Lidaika chindapusa ndi ndende kwa ophwanya, lidalonjezanso thumba la ndalama lothandizira ntchito za anthu aulumali. Chaka chotsatira tidaona malemu Rachel Kachaje, mayi woyenda pa njinga ngati ine, yemwenso adalumala ndi poliyo, akusankhidwa kukhala nduna. Ndidagwetsa misozi yachimwemwe, n'kuuza mwana wanga kuti zinthu zasintha tsopano.

Kenaka mu 2024 kudabwera lamulo lomwe tili nalo lero, losayinidwa ndi a Lazarus Chakwera, lomwe lidafafaniza la 1971 ndi la 2012 lija. MACOHA idasanduka MACODA, ndipo idapatsidwa mphamvu zomwe tidakhala tikupempha: kulandira madandaulo, kufufuza, kuyendera malo ndi kulamula kuti cholakwika chikonzedwe. Lamulo limeneli ndi labwino, ndipo amene adaligwirira ntchito ndikuwathokoza kuchokera pansi pa mtima.

Koma akuluakulu, ndiloleni ndifunse. Pa zaka khumi ndi ziwiri zomwe lamulo la 2012 lidakhala likugwira ntchito, ndi mwini nyumba uti, ndi bwana wolemba ntchito uti, ndi mwini minibasi uti yemwe adalipitsidwa chifukwa chotibweza pakhomo? Ine wailesi imakhala pambali pa makina anga tsiku lonse, ndipo nkhani yotero sinandidutsepo m'khutu. Ngati alipo, tiwerengereni pagulu kuti enawa aope. Galu wosaluma akuba amamudziwa msanga, ndipo kondakitala wa pa siteji yathu akudziwa bwino lomwe kuti palibe chingamuchitikire. Mantha anga ndi akuti lamulo la 2024 lingadzagone m'kabati momwe lidagona linzake, n'kudzatiitananso patapita zaka khumi kuti tikavinire lachinayi.

Sitili ochepa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 10.4 peresenti ali ndi ulumali wa mtundu wina, anthu oposa 1.5 miliyoni. Pa anthu khumi aliwonse, mmodzi ndi ife. Tikadati tisonkhane malo amodzi tikadaposa anthu onse omwe kalembera yemweyo adawerenga mumzinda wa Lilongwe. Nanga bwanji simumationa pa mizere ya m'maofesi mwanu, m'makalasi a sekondale, m'mabwalo a milandu? Si kuti tilibe zofuna kumeneko. Ambiri adayesa kamodzi, n'kukumana ndi zomwe ndakumana nazo inezi, ndiye adangoti bola kukhala pakhomo. Mukapanda kutiona mumayesa kuti vuto palibe, chonsecho kusaoneka kwathuko ndiye vutolo.

Ndiyambe ndi zomangamanga, poti ndi pomwe pali chinyengo chopweteka. Masiku ano nyumba zambiri zatsopano zili ndi kanjira kotsetsereka kokwerera njinga, komwe amisiri amati rampu. Woyendera akabwera amaona kuti kalipo n'kuchonga papepala. Koma bwerani mudzakhale pa njinga yangayi muyese kukwera. Kena n'koimirira ngati chulu, koti ukayesa wekha njinga imadzuka kutsogolo n'kukugwetsa chagada. Kena kamakathera pa chitseko chokiya chomwe kiyi wake adapita ndi munthu wa kutchuthi. Kena kali bwinobwino, koma pakati pa iko ndi msewu pali ngalande yosavundikira. Kena anthu adaikapo miphika ya maluwa. Akatswiri a zomangamanga amati pa mita imodzi iliyonse yokwera, kanjirako katalike mamita 12, ndipo chitseko chikhale chotakata moti njinga ilowe popanda kukhula zala. Si nzeru zobisika zimenezi. Chimene chimasowa n'kufunsa eniake. Akuluakulu adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo nyumba zopanda khomo lathu zikumangidwabe ndi ndalama za misonkho yomwe ifenso timakhoma tikagula sopo ndi ulusi.

Inu a makhonsolo, mapulani a nyumba amadutsa m'manja mwanu asanaike njerwa yoyamba. Musamadinde pulani yopanda njira yathu ndi chimbudzi chathu. Ndipo pa nyumba za boma, kontilakita asalandire ndalama yake yomaliza mpaka munthu wa njinga atakwera yekha, kulowa yekha m'chimbudzi n'kutseka chitseko, ndiponso munthu wosaona atayenda ndi ndodo yake kuchokera pageti kufika pa kauntala osagwera m'dzenje. Anthu oyesa zimenezi simungawasowe, boma lililonse lili ndi mabungwe athu. Za nyumba zakale zosanja ndikudziwa kuti simungazigwetse, ndipo ndalama ya chikepe siipezeka lero ndi lero. Koma kutsitsa tebulo limodzi ndi chidindo kuti ntchito zofikira anthu zizichitikira pansi kumafuna kalata imodzi yokha yochokera kwa mlembi wamkulu wa unduna. Boma liyambe ndi nyumba zake. Lidzauza bwanji mwini sitolo kuti akonze khomo pomwe khomo la boma lili chomwecho?

Tsopano za sukulu, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pomwe moyo wanga udakhotera. Ndidayamba sitandade 1 ndili ndi zaka 9. Mayi anga ankandibereka m'mamawa, kukanditula pakhomo la kalasi, n'kupita kumunda, masana n'kudzanditenga. M'kalasi ndinkakhoza, masamu ndinkaposa anyamata. Chidandigonjetsa ndi chimbudzi. Chinali chokumba, cha ana mazanamazana, pansi pake ponyowa nthawi zonse. Anzanga ankalowa ndi mapazi, ine ndinkalowa ndi manja. Ndinkavala mapatapata m'manja n'kukwawa, diresi nditaluma kumano kuti lisakhudze pansi, kenaka manja omwewo ndikagwirire pensulo ndi mbatata yanga. Nyengo ya dzinja ndidaphunzira kusamwa madzi kapena phala m'mamawa kuti ndisafune kupitako. Nditatha msinkhu zidafika posapiririka. Chaka cha 1994, chomwe a Bakili Muluzi adayambitsa pulaimale yaulere ana n'kukhamukira kusukulu, ndi chaka chomwe ine ndidasiya, ndili sitandade 6. Sindidasiye chifukwa cha fizi kapena mimba kapena ulesi. Ndidasiya chifukwa cha chimbudzi.

Ndikadakonda kunena kuti zimenezo n'zakale. Koma teremu yapitayi kunabwera mayi wina kudzasoketsa yunifolomu ya mwana wake wamwamuna, wa zaka 8. Titatha kuyeza, ananditulutsira zigamba za jinzi yakale n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mundisokerekonso timapilo ta m'maondo, amanyuka akamapita kuseri." Sindinafunse zambiri. Ndinatisoka tokhuthala, kuikamo siponji, ndipo sindinamulipiritse. Usiku umenewo ndinawerenga zaka: zadutsa 30 chisiyireni ine sukulu, malamulo awiri adutsa, ndipo mwana wa Mmalawi akukwawirabe m'chimbudzi cha sukulu.

Ndondomeko ya boma ikuti ana onse aziphunzira pamodzi, ndipo ine ndikugwirizana nayo, chifukwa mwana wokula ndi mnzake wosamva sadzamuopa akadzakhala bwana. Koma kuika mwana wosamva m'kalasi la ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi, wosadziwa ngakhale moni wa chinenero chamanja, si kumuphunzitsa. Mwanayo amangokopera za pabolodi zaka zisanu ndi zitatu, n'kutuluka wosadziwa zomwe ankalemba, anthu n'kumati ndi mbuli. Koleji ya Montfort ku Nguludi yakhala ikusula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera kwa zaka zambiri, ndipo sukulu ngati Mua, Embangweni, Mary View, Mountain View ndi ya ana osaona ya Chilanga ku Kasungu zatulutsa anthu odzidalira. Koma n'zochepa poyerekeza ndi ana omwe alipo, ndipo kholo la kumudzi silingakwanitse thiransipoti yopita kutali chotero teremu iliyonse. Mphunzitsi aliyense wotuluka m'makoleji a boma azituluka akudziwa chiyambi cha chinenero chamanja ndi kuthandiza mwana woona movutikira. Mabuku a ana osaona a zilembo za Braille azifika limodzi ndi mabuku a ana ena, osati mayeso atayandikira. Ndipo pa ndalama zotukulira sukulu zomwe zimapita m'makomiti, chimbudzi chimodzi chokhala ndi pokhalira, chogwirira ndi chitseko chotakata chikhale choyamba kumangidwa.

Kuchipatala nako ndili ndi chipsera. Nditakhala ndi pakati pa mwana wanga woyamba ndidapita kusikelo mokondwa ngati mayi wina aliyense. Namwino adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku matayala n'kunena mokweza, amayi onse akumva, "Inunso? Wakuchimwirani ndani wopanda chisoniyo?" Bambo a kunyumba anali panja, mwamuna wanga wa ukwati wa kutchalitchi, atandikankha pa njinga kuchokera kunyumba. Sindidayankhe. Bedi loyezerapo linali lalitali, lopanda potsitsira, ndipo adachita kuitana mlonda wamwamuna kuti adzandikweze. Si anamwino onse otero, amene adandichiritsa anali mayi wachifundo yemwe sindidzamuiwala. Koma mawu aja amatanthauza zomwe anthu ambiri amaganiza mumtima: kuti mkazi waulumali sangafunidwe, sangakwatiwe, sayenera kubereka. Maganizo omwewo ndi omwe amachititsa kuti uphungu wa kulera ndi wa HIV uzitilambalala, komanso kuti mtsikana waulumali akagwiriridwa achibale azingoti tikambirane pachiweniweni.

Ganizirani mnzanga wosamva yemwe akufuna kuyezetsa magazi. Womasulira chinenero chamanja pachipatala palibe, ndiye atenge mlamu wake kapena mwana wake wa zaka 12 kuti akamve zotsatira m'malo mwake. Chinsinsi chomwe inu nonse mumachiyesa ufulu wanu, iye alibe. Kupolisi ndi kukhoti n'chimodzimodzi: wolakwiridwa akalephera kufotokoza, mlandu umafera pa kauntala. Bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likulira za kuchepa kwa omasulira kwa nthawi yaitali. Womasulira timamuona pakona ya kanema nthawi ya nkhani, ndipo n'zabwino, koma munthu sadwalira pa kanema. Boma liphunzitse omasulira, liwalembe ntchito yolipidwa ngati ena onse, ndipo chipatala chilichonse cha boma m'maboma onse, polisi yaikulu ndi khoti zikhale ndi woti zingamuitane.

Abale athu achialubino ndiwo adaona zoopsa kuposa tonsefe. Kuyambira kumapeto kwa 2014 dziko lino lidalowa m'manyazi osaneneka, anthu kusakidwa ngati nyama, manda kufukulidwa, ana kubedwa m'manja mwa amayi awo. Mu 2016 mudakhwimitsa zilango, ndipo mu 2022 khoti lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa pa mlandu wa imfa ya MacDonald Masambuka wa ku Machinga, pakati pawo wansembe ndi wapolisi. Mlandu umenewo udationetsa kuti lamulo likafuna kuluma limaluma, posayang'ana kolala kapena yunifolomu. Mu 2021 anthu a ku Nkhotakota adasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno, umboni woti mitima ya Amalawi imatha kutembenuka. Koma pali mdani wina wosagwira chikwanje, dzuwa. Khansa ya pakhungu ikutha abale athuwa mwakachetechete, pomwe mafuta odziteteza, chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali n'zokwanira kupulumutsa moyo. Mafuta amenewa ndi mankhwala, azipezeka pa chipatala chaching'ono cha kumudzi monga apezekera mankhwala a malungo, osati munthu kuyenda mtunda wautali padzuwa lomwelo n'kukamva kuti atha.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, ife a ku Blantyre tidaona ndi maso matope akutsika m'phiri la Soche kukwirira Chilobwe. Usiku umenewo funso langa linali limodzi: madzi akalowa muno, ndithawa bwanji? Chenjezo la pa wailesi wosamva salimva, ndipo pa msasa chakudya chikamagawidwa molimbirana, wa ndodo amatsalira kumbuyo. Makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi m'midzi azidziwiratu nyumba zomwe muli munthu wofunika kunyamulidwa kapena kugogoderedwa, mvula isanayambe.

Tsopano kwa inu mafumu, eni nthaka, ndi kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti omwe mumakhala nawo pa bwalo. Pali masitepe ena omwe sadamangidwe ndi simenti, ndipo amenewo MACODA singawagwetse popanda inu. Mwana waulumali akabadwa, m'midzi yambiri mlandu umagwera mayi. Amati adachita chigololo ali ndi pakati, amati kwawo kuli ufiti, kapena amati bambo adakhwimira mwanayo kuti bizinesi iyende. Mwamuna amanyamuka kukakwatira kwina, mayi n'kutsala yekha ndi mwana woti sangamusiye kuti apite kuganyu. Ana ena akukulira kuchipinda, alendo akabwera amatsekeredwa, ndipo mwina ngakhale m'kaundula wanu mulibe maina awo. Wa khunyu akagwa anthu amathawa, poopa kuti awapatsira, chonsecho khunyu sapatsirana ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Ine ndidachita mwayi, bambo anga sadathawe. Anthu ankawauza kuti kuphunzitsa chilema n'kutaya ndalama, iwo ankangoyankha kuti, "Ameneyu ndi mwana wanga, dzina lake mukulidziwa." Gogo chalo, mawu anu pa maliro ndi pa msonkhano amalemera kuposa chikalata chochokera ku Capital Hill. Mudathandiza kuthetsa maukwati a ana poika malamulo a m'mudzi. Chitaninso chimodzimodzi kwa kholo lobisa mwana, mwamuna wothawa banja chifukwa cha ulumali, ndi wachibale wolanda munda wa wamasiye poti ndi wosaona. Ndipo maina aja, opuwala, chitsiru, napweri, mzungudala, alekeke pabwalo lanu. Tili ndi maina omwe adatipatsa makolo athu.

Abusa ndi mashehe, tikabwera kudzapemphera tabwera kudzapembedza ngati wina aliyense. Musamatikokere kutsogolo kuti mutiyesere machiritso mpingo ukuonerera, tikapanda kudzuka n'kumati tilibe chikhulupiriro. Tipatseni malo m'kwaya, m'komiti, pa chopereka.

Ndikuuzeni za gulu lathu la banki m'khonde, kuti muone kuti zinazi sizifuna ndalama. Nditapempha kulowa, amayi ena ankakayika kuti ndidzabweza bwanji ngongole. Komanso ankakumana pa nyumba ina ya pamtunda, njira yake miyala yokhayokha. Mayi mmodzi wogulitsa makala anangoti, "Bwanji tizikumana pakhonde pomwe amasokerapo?" Basi, nkhani inathera pomwepo. Zaka zinayi tsopano sindinaphonyepo kubweza, ndipo chaka chino bokosi ndikusunga ndine. Amayi amenewo sadawerengepo lamulo la 2024, koma adachita zomwe lamulolo likunena: adasuntha msonkhano m'malo mosiya munthu. Mabungwe obwereketsa ndalama ndi olemba ntchito akadatengerako nzeru imeneyi. Pali anyamata ndi atsikana aulumali omwe adavutika mpaka kufika ku yunivesite, koma akafika pa mayeso a ntchito nkhope za mabwana zimagwa asanatsegule n'komwe pakamwa. Boma ndilo lolemba ntchito lalikulu m'dziko muno. Litiuze chaka chilichonse kuti mwa omwe lalemba, aulumali ndi angati.

Ndikudziwa kuti chaka chilichonse pa 3 Disembala timakumbukiridwa. Pamakhala magule, zolankhula, ndi njinga zingapo zoperekedwa kutsogolo kwa makamera. Wolandira amathokoza ndi mtima wonse, poti njinga ndi miyendo. Koma zambiri mwa njinga zimenezo n'zopangira m'makonde osalala a zipatala za kunja. M'misewu yathu ya miyala ndi matope zimatha miyezi yochepa, ndipo zipangizo zake sizipezeka. Yangayi imayenda chifukwa cha mnyamata wokonza njinga zakapalasa pamsika, yemwe amachita kusula zitsulo kuti zigwirizane. Njinga yosayeza thupi la mwiniwake imabweretsa zilonda za pamatako zomwe zimatha kupha. Tikufuna kuti ndodo, njinga, miyendo yochita kupanga, magalasi ndi zothandizira kumva zikhale mbali ya chithandizo cha zaumoyo, zoyezedwa ndi odziwa, zokonzedwa pafupi, osati mphatso yodikira tsiku la chikondwerero. Mtukula Pakhomo wathandiza mabanja ena, koma powerengera umphawi muzikumbukira msonkho uja ndanena poyamba, chifukwa ndalama yomwe ikwanira banja lina, kwa ife imathera panjira.

Inu aphungu, ndinu mumagawa ndalama za dziko. Mphamvu zomwe mudapatsa MACODA papepala sizingayende popanda mafuta a galimoto, oyendera malo ndi maofesi m'maboma. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje akalakwiridwa akadandaule kuti, pa nambala iti, ndipo ayankhidwa pakatha masiku angati? Wosamva atumiza bwanji dandaulo lake? Thumba la ndalama lija mwaikamo zingati chaka chino, ndipo zapita kuti? Mafunso amenewa afunseni m'Nyumbamo mokweza, mayankho ake amveke pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina. Ndipo pokonza zonsezi musatikonzere tili kunja. Mabungwe athu amati palibe cha ife popanda ife, ndipo makolo adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Muziitananso ife a pakhonde ndi a kumudzi, osati okhawo odziwa Chingerezi ndi njira ya kuhotela.

Musaiyese nkhani ya anthu ena. Lungalunga m'pobadwa, chilema chimachita kudza. Pitani ku mawodi a mafupa mukaone anyamata omwe dzana ankathamanga ndi njinga zamoto za kabaza. Onani akuluakulu omwe sitiroko yawagwetsa, omwe shuga wawadulitsa mwendo kapena kuwatseka maso. Ena mwa iwo adakhalapo m'maofesi a pamwamba omwewo, ndipo lero akunyamulidwa kukatsata penshoni yawo.

Kalatayi muiyankhe, chonde, ndipo yankho lake lidze m'njira yoti tonse tilimve: lolembedwa m'Chichewa chomveka, la m'zilembo za Braille, ndi lomasuliridwa m'chinenero chamanja. Mutiuze tsiku lomwe maofesi a boma ofikira anthu adzatsikire pansi, tsiku lomwe kulipiritsa njinga m'minibasi kudzakhale mlandu womwe wapolisi wa pamsewu akuudziwa, ndi chaka chomwe sukulu iliyonse ya pulaimale idzakhale ndi chimbudzi choti mwana uja alowemo osavala timapilo tanga.

Lachinayi likudzali ndibwereranso ku ofesi ija. Ndalama ya mipando inayi ndaika kale padera, ya anyamata otsuka magalimoto ndaikanso, ndipo chitenje ndidzamanga ndi lamba. Pempho langa n'loti abwana osayinawo ndikawapeze pansi.

Ine wanu,
Mayi wosoka zovala,
Bangwe, Blantyre